Dzino la Mkango pa Malo Omenyera Penate

A Atilio Brusa anali atatha zaka makumi atatu akusamalira bwalo la mpira la m'tauni mwawo, ndipo zaka zonsezo mdani wawo anali mmodzi: dzino la mkango, kachitsamba ka masamba a manomano ndi duwa lachikasu. Ankakazula ndi mpeni, kukathira madzi owira, kukatukwana mpaka azigogo ake. Mvula ikangowaza, kanali kataphukanso.

Chaka china, mu Epulo, mitengo itayamba kuyoyola masamba, thupi linayamba kuwalemera. Adokotala anawasinika pamimba n'kupukusa mutu.

"Chiwindi chanu chatopa, bambo Brusa. Nyama yootcha ndi vinyo musiye kaye. Muzidya masamba, makamaka owawa."

Mawa lake akazi awo, a Nélida, anawaikira patebulo masamba okazinga ndi adyo ndi mafuta a olivi, pamwamba pali dzira lowiritsa. A Atilio anatapa kamodzi, nkhope n'kukwinyika.

"Mayi, mwandiphikira ndulu?"

"Idyani, bambo. Amatsuka magazi amenewo. Nyengo yake ndi ino, akadali anthete."

"Mwawatenga kuti?"

"Muwilibala yanu. Zomwe mumataya zija."

A Atilio anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. Anayang'ana mbale ija nthawi yaitali. Kenako anadzutsa mpando n'kukhalanso.

"Chabwino. Mpeni walephera, madzi owira alephera. Ndizikadya basi kachitsambaka. Tione ngati kaphuke m'mimba mwangamu."

Anayamba kudya mokwiya, masana ndi madzulo omwe. Patatha milungu itatu ankakwera masitepe a pabwalo osapumira, m'mimba munkayenda bwino, kungoti ankataya madzi pafupipafupi moti anthu ankanena kuti udzu wa kuseri kwa golo akuuthirira okha. Ndiye m'mawa wina anazungulira bwalo lonse ndi dengu, dengu n'kubwerako lopanda kanthu. Nkhondo ya zaka makumi atatu anali ataipambana, koma m'malo mosangalala anamva njala.

Kachitsamba kaja kanali katatsala kamodzi kokha, konenepa, kali ndi kamphukira ka duwa, ndipo kanamera pamalo penipeni pomenyera penate, kugolo la kumbali ya njanji. A Atilio anaganiza zokasiya kuti kabereke mbewu. Anakazinga ndi timitengo, n'kumakathirira ndi kapu.

Lamlungu kunabwera timu ya tauni yoyandikana nayo. Timitengo tija anawauza kuti achotse, koma iwo anaima pamzere, maso ali pa kachitsamba kawo, akukalipira osewera a kwawo omwe.

"Iwe Cacho, ponda kwina! Ndiwe ng'ombe kodi?"

Kutatsala mphindi khumi, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, woimbira mpira, a Ovidio, anapatsa alendo penate kugolo lomwe lija. A Atilio analowa m'bwalo pa liwiro limene palibe anali atawaonapo nalo, n'kukagwada, kachitsamba kali pakati pa maondo.

"Bambo, tulukani," anatero a Ovidio.

"Menyerani pena."

"Malamulo akuti apa."

"Malamulowo ali ndi chiwindi?"

A Ovidio anatulutsa khadi lofiira.

"Limenelo muzipatsa osewera, achimwene. Ine chibadwire sindinamenyepo mpira."

A Ovidio anawerama kuti awakoke, koma maso awo anagwera pa masamba aja. Anatsitsa mawu.

"Kodi n'zoona kuti kamamasula m'mimba? Ine sabata yonse ino kuchimbudzi ndikungopitako kukacheza."

"Masiku atatu okha, mudzandithokoza."

"Nanga kaphikidwe kake?"

Funso limeneli analinena mokweza mosadziwa, ndipo a Nélida analimva ali kumipando.

"Muwiritse kaye, madzi oyambawo mutaye!"

Mayi wina wa mbali ya alendo anaimirira. "Bodza limenelo! Mukataya madzi mwataya mankhwala! Amadya osaphika, ndi viniga!"

"Osaphika? Kwanuko ndinu mbuzi?"

Basi mkangano unabuka. Anthu anayamba kusamuka m'mipando, owiritsa mbali iyi, osaphika mbali iyo, za timu zitaiwalika. Goloboyi anati amayi ake amakazinga ndi nyama ya nkhumba, mbali zonse ziwiri n'kumukuwiza. Apolisi awiri amene anabwera kudzanyamula a Atilio anafika akutsutsana za dzira, ngati limaikidwa pamwamba kapena kusakaniza, ndipo wina anavula chipewa n'kuchiponya pansi.

Patatha theka la ola, mtsogoleri wa alendo, amene ankaopa kuti basi iwasiya, anati, "Ngati mdalayu sakusuntha, tisunthe golo."

Osewera a mbali zonse anazula mitengo ya golo, n'kukaizika mapazi atatu chakunjanji. A Ovidio anayeza malo atsopano, kutsogolo kwa a Atilio. Womenya penate anayenera kuthamanga mokhota kuti awalambalale, ndipo podutsa anawamva akuti, "Pang'onopang'ono, mwana wanga, fumbi." Anaumenya mpira uja cham'munsi mwake, n'kukwera m'mwamba. Unadutsa pamwamba pa golo, pamwamba pa mpanda, n'kukagwera m'bogi la sitima ya tirigu imene inkadutsa, ulendo wa kudoko. Mpira wina panalibe. A Ovidio anaimba wezulo, masewera n'kuthera pomwepo.

Lolemba a Ovidio anafika kunyumba kwa a Brusa atanyamula poto. A Nélida anawauza kuti masamba anatha, adikire mbewu.

Duwa lija linamasula, kenako n'kusanduka kampira ka thonje. A Atilio ankalilondera atanyamula kathumba, kudikira tsiku lokolola. Tsikulo litakwana, akungowerama, kunawomba mphepo yochokera kummwera. Timbewu tonse tinauluka, iwo akutithamangira ndi chipewa m'manja, mpaka tinadutsa msewu n'kukalowa kumanda. Pabwalo sipanagwe ngakhale kamodzi.

Nyengo yotsatira kumanda konse kunali chikasu chokhachokha. A Atilio anakapereka makiyi a bwalo kwa akuluakulu a timu, n'kukapempha ntchito yosamalira manda. Ntchito anawapatsa, ndipo a Nélida anangowaletsa chinthu chimodzi: asamathyole pa manda a apongozi a Nélidawo, mayi awo a Atilio, chifukwa mayi aja anali owawa kale akadali moyo.