Dirizo pa Thabwa la Nebert

Nebert sankayang'ana kumwamba akafuna kudziwa za mvula. Ankangotulutsa dzanja kunja kwa khonde, chikhatho chili m'mwamba, n'kudikira pang'ono. Madzi akapanda kudikha m'chikhathomo, ankapukutira dzanjalo pa kabudula wake wakhaki n'kunena kuti, "Dirizo." Mawuwo anali achizungu. Anawatola kwa mzungu wina amene ankamanga naye nyumba za boma Chitaganya chitangoyamba, ndipo ankatanthauza kamvula kowaza kamene sikathamangitsa munthu panjira. Koma pakamwa pa Nebert, amene tsopano anali kapitao, ankatanthauza chinthu chimodzi basi: palibe wosiya ntchito.

Chaka chimenecho ankamanga sitolo ya Mansukh, mmwenye wogulitsa nsalu, kuseri kwa msika wa Lilongwe. Khoma linali litapitirira msinkhu wa munthu, ndipo amisiri ankayala njerwa ataima pansanja ya mitengo ya bulugamu. Matope omangira ankakwera nawo ndi akazi, m'mabeseni pamutu, kudzera pathabwa limodzi lotsamira pansanjapo. Mwa akaziwo munali Evelina, mkazi wake wa Nebert, ndi mng'ono wake Margret.

Margret anali ndi pakati pooneka. Mwamuna wake anapita ku Halale n'kungoti zii, ndipo Evelina ndiye anakamutenga kwawo ku Nathenje, atalonjeza mayi awo kuti amusunga mpaka achire.

Tsikulo kunacha ndi kamvula kosaleka, kopanda mabingu, kongonyowetsa tsitsi. Akazi onse ankakaopa kuposa chimvula. Chimvula chimatsuka thabwa, ndiponso aliyense amathawira m'khonde. Koma aka kankangofewetsa matope amene ankadonthera pathabwapo, mpaka thabwa lonse kuterera ngati therere.

Nebert anatulutsa dzanja, nalipukuta, nanena mawu ake aja. Evelina anamutsatira kuseri kwa mulu wa njerwa n'kumupempha motsitsa mawu kuti Margret atsale pansi lero, aziponda matope kudzenje. Nebert anakana. Anati Mansukh akufuna denga mvula yeniyeni isanafike, ndipo iye sangakondere mlamu wake anthu onse akuona.

Margret anali atamva. Anali mtsikana wakamwa lopepuka, wozolowera kuseka ndi mlamu wake kunyumba. Anasisita mimba yake n'kufunsa mokweza, "Alamu, kodi dirizo wanuyu mwamuuza kuti tikukwera awiri?"

Akazi anaphulika kuseka. Ngakhale a Mikaili, mmisiri wachikulire wosalankhulalankhula, anabisa nkhope kukhoma mapewa akugwedezeka. Nthabwala yotere kunyumba Nebert akanaibweza. Koma apa panali pantchito, ndipo Mansukh anali ataima patsidya pa msewu ndi ambulera. Nebert analanda fosholo kwa woponda matope, nadzaza yekha beseni la Margret mpaka kupanga kaphiri, namusenza ndi manja ake.

"Popeza muli awiri, nyamulani za awiri," anatero.

Evelina anaponya beseni lake kuti akalande katunduyo, koma Nebert anamugwira mkono n'kuupotoza. Margret, posafuna kuti mkulu wake amenyedwe chifukwa cha iye, anaponda pathabwa. Anakwera pang'onopang'ono, zala za kumapazi zikufunafuna pouma. Atatsala pang'ono kufika, a Mikaili atatambasula kale manja kuti alandire beseni, phazi linachoka. Anagwa chammbali pamulu wa njerwa zosweka, beseni n'kumutsatira pamimba.

Sanalire. Anangotulutsa mpweya ngati munthu wobayidwa. Evelina atamufikira, magazi anali atayamba kutsika m'miyendo, akusakanikirana ndi matope ofiira.

Anthu anasiya zonse n'kuzungulira. Nebert anaima kumbuyo kwawo. Kenaka anaona Mansukh akudutsa msewu, ndipo mawu anamubwerera. Anayamba kukankha akazi kuti abwerere kudzenje, akunena kuti mtsikanayo wagwa chifukwa cha chibwana chake, amakwera akuseka. Evelina anadzuka, manja ali magazi okhaokha, namuuza pamaso pa onse kuti wapha mwana. Nebert anamuwomba khofi lomwe linamugwetsera m'matope, namupondanso m'nthiti ndi nsapato yake ya tayala.

Ndiye anatembenukira kwa anthu aja, natambasula dzanja lake, chikhatho m'mwamba, kuti aliyense aone. "Onani nokha," anatero. "Muli madzi umu? Iyi ndi mvula yogwetsa munthu?"

Evelina anali atagwera pafupi ndi fosholo ija. Anaitola, naimirira, naitsitsa ndi mphamvu zake zonse padzanja lotambasulidwalo. Zala zinalira ngati nkhuni youma. Nebert anagwada akubuula, koma ndi dzanja linalo anamukoka mwendo, ndipo awiriwo anagubuduzana m'dzenje la matope. Evelina anamuluma khutu osafuna kulekerera. Anachita kulekanitsidwa ndi a Mikaili, amene anamukoka Evelina m'chiuno akumuuza kuti, "Mayi, uyu mumupeza. Amene akutha ndi uyo."

Panalibe machira. Amisiri anatsitsa thabwa lomwelo, nalipukuta ndi thumba, namugoneka Margret pamenepo n'kumunyamula kulowera kuchipatala. Mansukh, nkhope itachita phulusa, anayenda pambali akumufunditsa ambulera mpaka kumlatho wa panjirayo, kenaka anaipereka kwa Evelina n'kubwerera.

Kuchipatala mwana anatuluka wakufa, wamwamuna. Margret anatsala ndi moyo. Atatsegula maso sanafunse za mwanayo, chifukwa anali atadziwa kale. Anangoti akufuna amayi.

Dzuwa lisanalowe Evelina anafika kunyumba yawo ya chipinda chimodzi kuseri kwa mzikiti. Anapeza Nebert atakhala pakhonde, dzanja litakulungidwa m'chinsanza, litatupa mpaka m'chigongono. Nebert anayamba kulankhula asanafunsidwe. Anati mzungu uja ankagwiritsa anthu ntchito mvula yoposa apa, ndipo palibe anagwapo. Anati mawa Mansukh afuna kapitao wina ngati dzanja silipola, tsono adya chiyani.

Evelina anamudutsa ngati akudutsa chitsa. M'nyumba anatenga thumba laufa lopanda kanthu, naikamo nsalu zake, nsalu za Margret, bulangete ndi kapoto kophikira phala la wodwala. Timalaya tiwiri timene Margret anasokera mwana anatigwira kanthawi, natiikanso pansi pa zonse. Anali atatsimikiza: akagona pakhonde la chipatala mpaka mng'ono wake atayenda, ndiye onse awiri akwera basi ya ku Nathenje. Anamanga thumbalo ndi luzi n'kulisenza, nthiti zikumubaya.

Kamvula kaja kanali kasanaleke. Nebert anayang'ana thumba, nayang'ana kunja.

"Ukupita kuti mvula ikugwa chonchi?"

Evelina anaima m'mphepete mwa khonde, natulutsa dzanja lake kunja, nadikira pang'ono. Kenaka anamuonetsa chikhatho.

"Muli madzi umu?" anafunsa.

Evelina anapukutira dzanjalo pansalu yake n'kutsika m'matope.