Zala za Mphezi

Ankamutchula kuti Mphezi chifukwa cha liwiro la zala zake pa gitala. Koma panali patapita zaka makumi anayi chitulukire nyimbo imene inatchukitsa bandi yawo ya nyimbo za roko, ndipo nyamakazi inali itapinda zala zija moti ngakhale batani la malaya linkamuvuta kumanga.

Pakati pa nyimboyo panali chigawo choti gitala alire yekha, chothamanga ngati munthu amene agalu ali pambuyo pake. Anthu ankagulira matikiti chigawo chimenecho.

Tsiku lina pokonzekera phwando la nyimbo, mlamu wake, yemwe ankatsogolera kuimba, anamupeza ataviika manja m'beseni la madzi ofunda.

"Alamu, tidzangoika chigawo chojambulidwa kale chija chizilira kumbuyo," anatero mlamuyo. "Inu muzidzangogwedeza zala. Adzadziwa ndani?"

"Ndidzadziwa ndine," anayankha Mphezi. "Inu imvi mumazidetsa ndi mankhwala, ine ndili chete. Koma gitala wanga musamunamitse."

Anatha milungu itatu akusadza chigawo chija mpaka panatsala manotsi, kapena kuti mawu a nsambo, asanu ndi awiri okha, amene zala zake zikanawafikira. Mantha anali nawo, tisabise. Analumbira mumtima kuti anthu akakamukuwiza, gitalayo akamupachika pakhoma osadzamutsitsanso.

Phwando la nyimbo linayamba 3 koloko masana, poti okonda bandiyo nawonso masiku ano amagona ndi nkhuku. Holo inadzaza madazi ndi imvi. Chigawo chija chitafika, woimba ng'oma anachepetsa liwiro. Mphezi anakanikiza nsambo, naikoka, naisiya ilire mpaka mawu atatheratu. Kenako anakhudza yachiwiri.

M'holo munangoti zii. Mtima wake unagwa, nati basi, zathera pano.

Pamenepo mayi wina wa ndodo, pampando wakutsogolo, anayamba kuimba ndi pakamwa manotsi othamanga amene Mphezi anawasiya. Bambo wa pambali pake anamutsatira, kenako mzere wonse, kenako holo yonse. Mphezi ankangoponya notsi imodzi, anthu n'kudzaza mpata wonse mpaka pa inzake. Ndi chimwemwe anaimirira njo, msana osaumvanso kupweteka.

Mlamu wake anasendera pafupi, misozi ikulengeza m'maso.

"Alamu, mukuwamva? Sanaphonye ndi imodzi yomwe!"

Mphezi anakoka nsambo yomaliza, osafulumira.

"Angaphonye bwanji? Ndinawaphunzitsa ndine."