Jetoni Lotsukidwa ndi Viniga

"Agogo, ndalama yosagula kanthu ndi ya ntchito yanji?"

Funsoli analifunsa Maëlle ali wamng'ono, atanyamula jetoni la mkuwa pamasitepe a nyumba yosanja ya ku Croix-Rousse, dera la kumtunda la mzinda wa Lyon. Agogo ake, a Aymard Cuzin, anamuuza kuti majetoni ngati limenelo sankagulira buledi. Ankaperekedwa pa chaka chatsopano kwa oweruza a khoti la mfumu la ku Lyon, lomwe linkazenga milandu ya opanga ndalama zabodza. Tsopano Maëlle anali atakwatiwa, koma funso lake linabwerera m'mutu mwa a Cuzin tsiku lomwe anatuluka m'chipatala, kumene anawachita opaleshoni ya chiuno, ndi kutsegula kabati yawo yosungiramo majetoni.

Majetoni onse anali m'malo mwake, akuda ngati khofi. Koma la khoti lija, limene ankalikonda koposa, linkawala psuu ngati lasulidwa dzulo.

"Ili si langa," anatero. Analiponya m'thumba osafuna kuliyang'ananso.

Makiyi anawasiyira munthu mmodzi yekha, Mayi Odile Perrachon a khomo loyang'anana ndi lawo, kuti azidyetsa mphaka ndi kuthirira maluwa. Ndipo mpongozi wa mayiwo, mwamuna wa mwana wawo wamkazi, ankagulitsa zinthu zakale pamsika wa Lamulungu, kumene majetoni okopera amapezeka ambirimbiri.

A Cuzin sanafulumire. Anangoleka kupereka moni. Msuzi umene mayiwo anawasiyira pakhomo unazizira pomwepo. Akamva mapazi a mpongoziyo pamasitepe ankasuzumira pakabowo ka chitseko, ndipo ngakhale kuseka kwake kunkamveka ngati kwa mbala. Lachisanu anavala jekete kuti apite kupolisi.

Anapeza Mayi Perrachon atatsekereza njira ndi dengu la mbatata.

"Aneba, madokotala aja anachotsa chiuno kapena lilime?"

"Ndipatseni njira, mayi."

"Mbale yanga ya msuzi mukufuna imere ndevu? Nenani chimene ndakulakwirani."

A Cuzin anatulutsa jetoni lija. "Langa lili kuti? Funsani mpongozi wanu."

Mayiwo anatula dengu pansi. Nkhope inafiira mpaka m'makutu.

"Thibault? Mwana amene anakunyamulani pamsana pamasitepe ano mutagwa? Bambo Cuzin, khoti lanulo linatsekedwa kalekale, koma woweruza mmodzi anatsalira kuno kumtunda!"

"Ndiye lawala bwanji?"

"Ndinalitsuka ine! Viniga ndi mchere wa mibulu, monga ndichitira ndi poto wanga wa jamu. Mphaka wanu anakankha chitseko cha kabati n'kutseguka, ine n'kuona litsiro lokhalokha. Ndinati munthu akachoka kuchipatala apeze chinthu chimodzi chosangalatsa. Ndikanatsuka onse, koma mkono unatopa."

A Cuzin anagwira khoma. Onse!

"Nkhani yabwino," anatero pang'onopang'ono. "Koma wosinthanitsa anganenenso chimodzimodzi."

"Valani magalasi, muone m'mphepete. Maëlle atafunsa funso lake lija, si analigwetsa? Linagubuduka mpaka pakhomo panga, ndinatola ndine. Munalira kachipsera kameneko mwezi wathunthu, ngati mwana wathyoka mwendo."

Anavala magalasi. Anatembenuza jetoni ndi chala. Kachipsera kanalipo, kumunsi kwa khosi la mfumu, pamene kanakhala zaka zonsezi.

Linali lawo ndithu. Koma kuda kuja, kumene mkuwa umavala pang'onopang'ono m'zaka mazana atatu, kumene osonkhanitsa majetoni amakuyang'ana asanayang'ane china chilichonse, kunali kutapita ndi madzi a m'sinki.

"Silinali litsiro, Odile," anatero ndi mawu otsika. "Unali ukalamba wake."

"Sungabwerere?"

"Ungabwerere. Ife tidzakhala titagona kale."

Mayiwo anakhala pasitepe, manja ali pamaondo. "Ndakuwonongerani chinthu. Pepani. Koma inu munali paulendo wokawononga dzina la mwana wanga."

A Cuzin anavula jekete lija n'kulikoleka pamkono.

"Mwezi wa mawa akukandichita opaleshoni ya chiuno chinachi," anatero. Anapisa m'thumba, natulutsa makiyi n'kupatsa mayiwo. "Mphaka ndi maluwa."

"Mphaka ndi maluwa basi. Kabatiyo ngakhale imere bowa, sindiikhudza. Koma inunso, mukadzandikayikira, mudzagogode pakhomo panga musanavale jekete."

"Ndidzagogoda," anatero a Cuzin. "Ndipo mbale yanu ndibweretsa. Yotsukatsuka."