Mboni ya Mayi Tabita

Bungwe loyang'anira anamwino litaimitsa chiphaso cha mayi Tabita, silinanene kuti anali osasamala kapena amwano. Linati manja awo ayamba kunjenjemera, ndipo mzamba wa manja otere sayenera kusoka bala kapena kudula mchombo. Komabe lamulo limapereka mpata wochita apilo, ndipo wodandaula amaloledwa kubwera ndi mboni yodziwa ntchito yake.

Anzawo a pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi Malomo anawalangiza kuti atenge dokotala. Amayi a Chigwirizano a kumpingo kwawo anaganiza zina. Kwa iwo, woyenera kuyankhulira munthu ndi amene anathandizidwa naye. Choncho anasankha mtsogoleri wawo, mayi Margareta, amene ana awo ndi adzukulu angapo anabadwira m'manja mwa mayi Tabita. Ulemu woterewu mayi Tabita anachita manyazi kuukana.

"Musade nkhawa, anzanga," anatero mayi Margareta m'minibasi yopita ku Lilongwe, akukonza duku lawo loyera. "Ine ndinayalapo mbiri pa maliro a abusa, ngakhale aphunzitsi anagwetsa misozi. Nanga awa ndi ndani?"

"Kumeneko si kumaliro, a Margareta. Ine ndikadali moyo."

"Ndiye mwayi wanu. Mudzimvera nokha zabwino zanu."

M'chipinda chomvera apilo, wapampando anali dokotala waimvi woyankhula motsitsa. Mayi Tabita anafotokoza kuti kunjenjemerako kumabwera mwa apo ndi apo akatopa, ndiponso kuti ayamba kumwa mankhwala. Wapampandoyo ndi akuluakulu anzake anamvetsera mwachifundo. Kenaka anaitana mboni, naiuza kuti ikhoza kuyankhula chokhala. Mayi Margareta anaimirira ndithu, napinda manja pachifuwa.

"Akuluakulu, mayi awa ndi munthu wopirira," anayamba motero. "Mvula itakokolola mlatho, ambulansi itabwerera panjira, mpongozi wanga Luckness anali pakati pa moyo ndi imfa. Ine ndinali pomwepo. Manja a mayi awa ankagwedezeka ngati tsamba la fodya pamphepo. Singano inawapulumuka, anatenga ina. Dzanja lamanja analigwira ndi lamanzere, nasoka mpaka kumaliza. Wina akanati ndadwala, n'kupita kukagona. Awa ayi."

"Zimenezi zinachitika liti, mayi?" anafunsa wapampando.

"Chaka chatha, tisanayambe kuthyola fodya."

"Ndi tsiku lokhalo limene munaona manja awo ali chotero?"

"Lokhalo? Bwerani mudzafunse amayi a kwathu. Ayamba kale kuvutika, koma kudandaula sakudziwa."

Mayi Margareta anatembenuka kuti aone ngati mnzawo wasangalala. Anapeza mayi Tabita atazolika.

"Mayi Tabita," anatero wapampando, "kodi mboni yanu yanena zoona?"

"Yanena zoona, bambo."

"Tsiku limenelo panali mzamba wina pachipatala?"

"Panalibe. Ndikanachoka, Luckness akanatsala yekha ndi apongozi akewa."

Akuluakuluwo anawapempha kuti adikire panja. Pabenchi, mayi Margareta anakhala kumapeto kwenikweni, ngati mlendo.

"Ndakupherani ntchito ndi pakamwa panga," anatero.

"Mwayankhula monga timayankhulira kwathu. Wolakwa ndani pamenepo? Sendezani kuno, anthu angayese takangana."

Ataitanidwanso, wapampando anawerenga chigamulo mosathamanga. Chiphaso chibwezedwa, pakuti nzeru za mayi Tabita ndi chisamaliro chawo palibe anazikayikira. Adzayeza amayi oyembekezera kusikelo, adzaphunzitsa ndi kulangiza azamba achinyamata. Koma kubereketsa ndi kusoka ayi, kufikira dokotala wa za mitsempha atawayeza ndi kuvomereza. Bungwe lidzapemphanso akuluakulu a zaumoyo kuti atumize mzamba wina ku chipatalacho.

"Mwamva bwino malire amenewa, mayi?"

"Ndamva," anayankha mayi Tabita, ndipo anathokoza monga mwa mwambo.

Mzamba watsopanoyo anali Wezzie, mtsikana wongomaliza kumene maphunziro. Tsiku lina m'mawa, mayi Tabita akuyeza mayi wina kusikelo, anamva Wezzie akuwaitana kuchipinda chochilira ndi mawu amantha. Mutu wa mwana unali utatuluka, koma mchombo unali utazinga khosi.

Mayi Tabita analowa mofulumira. Miyendo inawafikitsa pabedi penipeni, ndipo pamenepo anaima, naika manja kumbuyo.

"Bwerani mugwire ndinu, amayi," anachonderera Wezzie.

"Ayi, mwanawe, ugwira ndiwe. Lowetsa chala pansi pa mchombowo. Wamasuka?"

"Wamasuka pang'ono."

"Basi ndi womwewo. Udutsitse pamwamba pa mutu, pang'onopang'ono. Ine ndili pompano, sindichoka."