Dengu Linkakwera Lopanda Kanthu

"Kodi galu angamukumbukire munthu amene ankangomuonera m'mwamba?"

Anafunsa ndi Mayi Nohad. Jumana, dokotala wa ziweto amene ankaphunzitsa, anali atatembenukira kukhoma akumata chithunzi cha nkhupakupa. Anthu ena asanu amene khoti linawatumiza kumalo osungira agaluwo ankadzikupiza ndi timapepala tomwe anapatsidwa kuti awerenge. Panja agalu mazana awiri ankauwa ngati apangana.

Linali Lachiwiri. Rabih, mwana wawo mmodzi yekhayo, ankafika Lachisanu kuchokera ku Hamburg, ndipo mayiwo ankadziwa kuti akangotsika ndege, asanafunse n'komwe za maondo awo, adzafunsa za Kamun.

Kamun anali galu wa Rabih, wofiirira, wamakutu ogwa. Tsiku limene Rabih ankanyamuka kukayamba ntchito ya unamwino kunjako, analira atakumbatira galuyo nthawi yaitali kuposa imene analira atakumbatira mayi ake. Mayi Nohad anaziona. Analonjeza kumusamala. Koma zomulowetsa m'nyumba momwe amaswali, ayi. Malemu mayi awo anawaphunzitsa kuti chimene galu wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, ndipo iwo sanafune kuyamba kukangana ndi akufa atakalamba kale. Choncho Kamun anamangidwa pa unyolo wautali bwino m'kabwalo ka kuseri kwa nyumba yosanjayo, pomwe paipi ina inkadontha madzi chaka chonse.

Iwo ankakhala pa nsanjika yachinayi. Chikepe chinafa chaka chimene magetsi anayamba kubwera ngati mlendo, ndipo masitepe analipo makumi asanu ndi awiri kudza awiri. Anachita zimene mayi aliyense wa mumsewu wawo mu Tripoli amachita: dengu pa chingwe. Pakhonde lakutsogolo dengu linkakweza buledi, timbewu ndi mankhwala a maondo. Pakhonde lakuseri linkatsitsa mpunga, mphodza ndi zotsala za nkhuku. Ankagogoda supuni pa chitsulo cha khonde katatu, kutsitsa dengu, kupita kukaphika khofi. Pobwerera dengu linkakwera lopanda kanthu, mbale itanyambitidwa mbee. Lamlungu Rabih akaimba, ankaloza foni pansi, ndipo kadontho kofiirira kankadzutsa mutu.

"Wanenepa, amayi?"

"Akudya kuposa ine."

Sankanama. Chimene sankachiona kuchokera m'mwambamo n'chakuti galuyo, pozungulirazungulira, anakulunga unyolo ku paipi ija mpaka unafupika, ndipo dengu linayamba kutera pomwe kamwa lake silinkafika. Ankadya anali amphaka. Lamba wa m'khosi analowa m'mnofu. Mtsikana wa pa nsanjika yoyamba ndi amene anajambula zonsezo pa zenera la bafa, ndipo m'khoti aliyense anaonera amphaka asanu onenepa ali m'dengu, galu akuwayang'ana nthiti zili pamtunda. Woweruza anafunsa kuti ndi liti pamene mayiwo anatsika komaliza kukamuona pafupi. Iwo anati dengu linkakwera lopanda kanthu. Anafunsanso. Iwo anayankha chimodzimodzi.

Chigamulo chinali maola makumi asanu ndi limodzi akugwira ntchito ndi kuphunzira kumalo osungira agalu, ndipo Kamun sakanabwerera kwawo pokhapokha Jumana atasaina. Tsopano masitepe aja ankawatsika tsiku ndi tsiku, akutukwana maondo awo sitepe iliyonse. Anatsuka mbale, anasesa makola, anasoka zofunda za agalu ndi misoko yowongoka ngati ya diresi la ukwati, poti kusoka ndiyo inali ntchito yawo. Zonsezi ankachita atavala magolovesi achikasu otsukira mbale, ofika m'zigongono. Kwa masabata asanu ndi limodzi, Rabih ankamunamiza kuti kamera ya foni yawo inafa.

Phunziro litatha, Jumana anawaimitsa pakhomo.

"Amake Rabih, Lachinayi ndi tsiku lanu lomaliza. Palibe munthu wakhama ngati inu muno. Koma sindisainira munthu amene sanamugwirepo galu wake."

"Mwanangu, khola lake ndimasesa ndine."

"Mumasesa iye ali panja. Lachinayi mumuveka lamba nokha, mulowetsa zala ziwiri pansi pake, mumupapasa nthiti. Opanda zachikasuzo. Ndi mphira simungamve kanthu."

"Hajja, musadandaule," analowerera Fawzi, akuwatchula mayiwo ndi dzina laulemu la amayi achisilamu. Anali mmodzi wa asanu aja, woyendetsa takisi amene anasiya galu waubweya wa kumaiko ozizira pakhonde mwezi wa Ogasiti, iye n'kupita ku ukwati kumudzi masiku anayi. "Akakunyambitani mungosamba kasanu ndi kawiri. Vuto ndi madzi okha. Thanki yanu ili ndi madzi? Yanga muli nkhunda, zaikira mazira."

"A Fawzi, pakamwa panu pakanakhala pampopi, mzinda uno bwenzi tikusambira."

"Mwamva, adokotala? Lembani kuti Hajja amaluma. Ayenera katemera."

Anthu anaseka. Mayi Nohad anamanga mpango wawo bwinobwino ngakhale sunamasuke.

Lachitatu sanapite kuntchitoko, ndipo nyumba inawachepera. Anasita malaya a Rabih amene anali atasita kale. Anakulunga mpunga m'masamba a mphesa mphika wonse, kenako anaona kuti aiwala mchere. Anayamba kuswali masana n'kusokoneza chiwerengero, anayambiranso. Foni inalira: uthenga wa mawu.

"Amayi, ndamugulira lamba wofiira, walembedwa dzina lake. Musamuuze. Ndipo kamerayo ndikubweretserani foni ina, mwandizunza mokwanira."

Anamvetsera kawiri. Anatenga pilo, anamumanga lamba wa diresi, analowetsa zala ziwiri pansi pake. Pilo sanachite chilichonse. Anamuponya pa mpando n'kupita pakhonde lakuseri. Pansi amphaka atatu anadzutsa mitu, akudikira.

Zonse zikhoza kutheka, anadziuza. Jumana asaina, galu abwera Lachinayi madzulo, Rabih afika Lachisanu, aona galu woonda pang'ono, iwo anena kuti ndi kutentha. Mtsikana wa pansiyo sangayerekeze kulankhula. Anthu a mumsewu amadziwa kusunga nkhani ya mnzawo pamaso pa wochokera kunja. Amadikira achoke kuti aziikamba bwino.

Ndiye n'chifukwa chiyani miyendo inkakana kukhala pansi?

Anatenga kiyi wa kuseri pa msomali. Tepi yoyezera inali m'khosi mwawo monga mwa masiku onse. Anatsika masitepe onse aja, ndipo m'malo motulukira khomo lakutsogolo analowa m'kanjira kamdima konunkha chinyezi, komwe sanapondemo chichokereni Rabih.

Kabwaloko kanali kakang'ono kuposa mmene kankaonekera m'mwamba. Unyolo unali pomwepo, wokulungidwa ku paipi ngati ulusi pa bobini, mbali yotsala yosakwana mkono. Simenti ya pamenepo inali itapalidwapalidwa ndi zikhadabo. Chapatali pang'ono panali banga lamafuta, lozungulira, pomwe dengu linkatera. Sanaganize n'komwe, manja anachita okha zimene anazolowera. Anakoka unyolo mpaka pothera, anayala tepi kufika pa bangalo.

Masentimita makumi atatu kudza imodzi.

Anayezanso, poti telala sadula asanayeze kawiri. Anali omwewo. Kutalika kwa mkono wa malaya a mwana.

Kenako anayang'ana kumwamba. Makoma anayi, mapaipi, zovala za anthu zoyanikidwa, ndipo kutali, pafupi ndi kachidutswa ka thambo, kakhonde kawo. Munthu ataima pamenepo akanaoneka ngati kansalu kouluzika. Anakhala akuyang'ana mpaka khosi linawawa. Mphaka wina anabwera kudzadzikhula pa mwendo wawo, wonenepa ngati mwana wa mwini sitolo.

Lachinayi kunatentha kuyambira m'mawa. Jumana anatsegula khola lakumapeto, Fawzi ndi anzake aja anaunjikana pa waya ngati pali mpira.

"Hajja, mukafa ndani atenge makina osokera?"

"Khalani chete, a Fawzi," anatero Jumana, koma nayenso ankamwetulira.

Kamun anali atagona pa chofunda chimene mayiwo anasoka okha. Anali atabwererako thupi. Chilonda chinapola, koma kuzungulira khosi lonse munatsala mzere wopanda ubweya, wotuwa, waukulu ngati zala zitatu. Anawayang'ana mayiwo mmene ankayang'anira aliyense wobwera ndi tsache, n'kubwezera mutu pansi.

"Muitaneni," anatero Jumana.

"Kamun."

Khutu limodzi linagwedezeka. Basi.

"Sakukudziwani, Hajja. Muonetseni chitupa."

Mayi Nohad anaima pakati pa khola, lamba ali m'manja, thukuta likuyenderera m'magolovesi. Pa waya panali patakoledwa supuni yotakasira chakudya. Anaitenga, mwina pofuna kungogwira kanthu, n'kugogoda pa chitsulo cha chitseko katatu.

Galuyo anadzambatuka. Sanawayang'ane iwo. Anakhala tsonga, anakweza mutu kuyang'ana malata a denga, mchira ukusesa pansi, akudikira kuti kumwambako kutsike kanthu.

Pa waya panalibenso woseka. Fawzi anatsokomola n'kuyang'ana nsapato zake.

Mayiwo anavula golovesi limodzi, kenako linalo. Kugwada kunawatengera nthawi, bondo lililonse ndi dandaulo lake. Galuyo anali akuyang'anabe kumwamba pamene dzanja lawo linafika pakhosi pake. Khungu la pa mzerepo linali lofunda, losalala ngati la m'kati mwa dzanja la khanda, ndipo pansi pake mtsempha unkagunda. Sanayembekezere kuti mungakhale kugunda. Anamuveka lamba, anamanga, analowetsa zala ziwiri. Zinathina. Anamasula bowo limodzi, anayesanso. Kenako anayendetsa chikhatho m'nthiti mmene Jumana anawaphunzitsira pa chidole, akuwerenga chamumtima.

Apo m'pamene Kamun anatsitsa mutu. Ananunkhiza dzanjalo nthawi yaitali, mwina linkamveka mphodza ndi chingwe cha dengu. Ananyambita pa mfundo ya dzanja, ananyambita mkono wa diresi, anafikanso pa nsonga ya mpango.

"Katatu," ananong'ona Fawzi, mawu atabwerera. "Kuchulukitsa kasanu ndi kawiri. Hajja, mufunika galimoto ya ozimitsa moto."

Mayi Nohad sanachotse dzanja.

Jumana anasaina pepala atalitsamiritsa pa khoma, n'kuwapatsa. "Ndi wanu. Pasakhalenso unyolo, ndipo ndizibwera kudzaona mwezi uliwonse. Masitepe anuwo ndikwera."

"Ndimunyamula ine pa takisi lero lomwe, ulere," anatero Fawzi. "Ndipo mverani, Hajja, ine ndine katswiri wa kubisa zinthu, funsani mkazi wanga. Pakhosipo mum'mange kampango. Agalu a anthu olemera onse amavala timipango masiku ano. Mwana wanu aganiza kuti mwatsogola. Akachotsa, munene kuti chinali chipere. Kodi akhala masabata angati, awiri? Adzakwera ndege akukutamandani."

"Ndili nako kofiira mu ofesi," anatero mmodzi wa ogwira ntchito pamalopo. "Kamukhala bwino."

Zonse zinali zitatheka, ndendende mmene anakonzera dzulo lake. Mayi Nohad anadzuka atagwira waya. Anayang'ana pepalalo, siginecha ya Jumana yopendama ngati ikuthawa, analipinda kanayi n'kuliika m'chikwama momwe munali diresi losinthira. Galuyo anali atagonanso, chibwano chili pa nsapato yawo, ndipo anachita kusolola phazi pang'onopang'ono. Anawerama, anamasula lamba uja n'kumupereka kwa Jumana.

"A Fawzi, takisi yanuyo imafika ku Beirut, kapena imafera panjira pa Batroun?"

"Hajja, mwandinyoza. Imafika ndi ku Hamburg komwe mukaithira mafuta."

"Ndege ikutera mawa teni koloko m'mawa. Mudzanditenge seveni, tikamulandire Rabih."

"Ndiye galuyu timupititse lero, akamupeze kunyumba."

"Ayi. Kamun agona kuno." Anatola magolovesi achikasu aja pansi n'kuwaponya mu ndowa ya zinyalala. "Tikachoka ku bwalo la ndege musatipititse kunyumba. Mutibweretse kuno. Ndipo pakhosi pakepo wina asamangepo kanthu."