Pomwe Anadula Che Swadick

"Amayi a zitumbuwa, tamvani iyi," anatero Swadick akukweza wayilesi. "Yafika dzulo, ya ku Zaire. Ngakhale wodwala malungo atha kutaya bulangete."

Mayiyo, dzina lake Ana, anangotembenuza chitumbuwa m'mafuta. Chifikireni ku Namwera kuthawa nkhondo ya kwawo ku Mozambique, malo ake pamsika anali omwewo, pafupi ndi benchi ya Swadick, yemwe ankajambula ndi kukonza makaseti. Tsiku lililonse Swadick ankamusankhira nyimbo, ndipo yankho la Ana silinkasintha.

"Ndi yabwino, Che Swadick. Koma siyifika pa Davide."

"Davide, Davide. Akumudziwa ndani munthu wanuyo? Pa wayilesi sanatsokomolepo n'komwe."

"Amene adamumva akumudziwa."

Davideyo anali wokonza njinga wa ku Mandimba, woimba ndi gitala ya chigubu yokhala ndi nsambo za waya wa mabuleki. Kaseti yake inali imodzi yokha dziko lonse, yomwe mphunzitsi wina adajambula pa ukwati wa mng'ono wake wa Ana. Tsiku lomwe zigawenga zidalowa m'mudzi, Ana adasiya mbuzi, adasiya mapoto, koma kasetiyo adaimanga pakona ya chitenje.

Anthu ankati ndi misala ya nyimbo. Sankadziwa kanthu. Pakati pa nyimbo yachitatu nsambo imaduka, anthu amaseka, kenaka pamamveka mawu a Simioni, mwamuna wa Ana, akuitana chapatali: "Ana, tasiya mphikawo, bwera udzavine!" Simioni adaphedwa panjira ya kumunda. Chithunzi chake panalibe, ndipo pomwe adagona Ana sankapadziwa. Chomwe chidatsala ndi mawu amenewo basi, ndipo sadauzepo munthu.

Ndiye tsoka likafuna munthu silisowa njira. Wayilesi yomwe Ana ankabwereka kwa aneba idatafuna tepi, n'kuilavula itakwinyika ngati matumbo a nkhuku. M'mawa mwake anapereka kasetiyo kwa Swadick ndi manja awiri.

"Muigwire ngati dzira, chonde."

"Ine ndakonza makaseti a sikiri ya Asilamu, ndakonza a kwaya," anatero Swadick akuizunguza ndi bolopeni. "Wokonza njinga wanuyu sangandivute. Ndikujambulirani ina yatsopano."

Ana anafuna kunena za nyimbo yachitatu, koma pabenchipo panali amuna okhaokha. Mkazi wamasiye anganene bwanji pakati pa msika kuti amagona ndi mawu a malemu m'khutu? Anangobwerera ku mbaula yake.

Patapita masiku, akutsika ndi beseni pamutu, anamva gitala ija ikulira pa sipika yaikulu. Anthu anali atazungulira benchi. Dalaivala wa lole anali akufunsa kuti woimbayu ndani, ndipo mayi wina wa ku Mandimba anali akupukuta misozi ndi mpango.

"Achemwali, ndagonja," anatero Swadick atamuona. "Munthuyu amaimba ngati akukuuza iwe wekha. Anthu akulimbirana kaseti yake."

Mtima wa Ana unakondwa kwa nthawi yoyamba chiwolokereni malire. Nyimbo yachitatu itayamba anatula beseni, nadikira. Ankadziwa pomwe nsambo imadukira monga amadziwira chitseko cha nyumba yake. Pomwepo panafika. Nyimbo inangoti jowi, n'kupitirira ndime ina.

"Tabwezani."

Swadick anabweza. Chimodzimodzi.

"Pamenepa panali mawu. Ali kuti?"

"Aaa, pamenepo ndi pomwe panatafunika. Panali pofota kale, mukuoneka kuti mumabwezabweza pomwepo. Ng'oma yolira sikhalitsa, achemwali. Ndadula ndi lezala, ndalumikiza ndi kyuteksi wopaka m'zikhadabo uja, kenaka ndajambula. Simunataye kanthu. Munalibe nyimbo m'menemo, phokoso lokhalokha, ndi chidakwa china chikukuwa."

"Chidakwacho ndi mwamuna wanga," anatero Ana motsitsa. "Adamupha. Ndilibe china chake."

Swadick anazimitsa wayilesi, navula chisoti, nachivalanso.

"Bwanji simunanene, amayi?"

"Bwanji simunafunse? Safunsa adadya phula, koma lero phula lanu ndadya ndine. Chomwe munadulacho chili kuti?"

Swadick anayang'ana pansi. Zodula zonse ankaponya m'katoni, ndipo katoniyo ankatenga a Bakali, mlimi wa kuseri kwa msika, omwe ankamanga matepi m'munda wa mapira kuti aziopseza mpheta.

Onse awiri anasiya benchi ndi mbaula osatseka. Atafika kumundako Ana anaima. Munda wonse unali waliwali, matepi atamangidwa pazikhomo kuchokera kumtunda mpaka kudambo, akulira ndi mphepo. Onse anali ofanana, onse okwinyika.

"Ine ndimangomanga, mwanangu," anatero a Bakali atamva nkhaniyo. "Yaitali ndimaidula pawiri. Ina mbuzi zadya, ina mphepo yatenga." Anadandaula pang'ono za mapira awo, koma kenaka anayamba okha kumasula mfundo.

Anabwerera ku benchi ndi katoni yodzaza zidutswa za matepi. Tsiku lonselo Swadick sanagulitse kanthu. Ankalumikiza kachidutswa, n'kuika mu wayilesi, Ana atatsamiza khutu pa sipika. Munatuluka rumba. Munatuluka ulaliki wa m'busa wina. Munatuluka ng'oma za beni. Zina dzuwa linali litaziwotcha moti zinkangoti shii ngati mvula ya patali, ndipo pa chilichonse chotero Ana ankati, "Tabwezani, mwina ndi ameneyu." Zala za Swadick zinafiira ndi kyuteksi. Katoni inatha dzuwa likadali m'mwamba, Simioni osaitana.

"Ndikhululukireni," anatero Swadick. "Ndimati ndikukonza. Nenani, ndiwotche makaseti onse ndajambulawa."

Ana anatenga kaseti yake yakale, naimanga pakona ya chitenje monga adachitira tsiku lothawa.

"Musawotche. Davide sanalakwe. Zaka zonsezi ndimafuna anthu amumve."

Ndipo anamumvadi. Mwezi usanathe, gitala ya chigubu ija inali ikulira m'matiyirumu ndi m'malole opita ku Mangochi, ndipo ana ankaimba nyimbo yachitatu yonse osadziwa kuti pali pomwe imajowa. Swadick ankauza aliyense wogula kuti amene adamudziwitsa woimbayu ndi amayi a zitumbuwa. Anthu akacheuka kuti awaone, pamalopo pankangooneka phulusa la mbaula.

Ana anali atasamukira kumapeto kwa msika, pafupi ndi chigayo, kumene phokoso la injini silimalola nyimbo iliyonse kufika.