Nyimbo ya a Bwerezani

Khoma la pakati pa chipinda changa ndi cha a Bwerezani silinafike kudenga. Kaya omanga anatopa, kaya njerwa zinawathera, koma chifukwa cha mpata umenewo ine mphunzitsi wa masamu ndinaphunzira Chingerezi mosafuna. Ndikangogwira choko, uko kwayamba: madesiki gu! gu! kenako ana kukuwa ngati aona wakuba.

"Brave, wolimba mtima! Gentle, wofatsa! Narrow, chopapatiza!"

Dzina loti Bwerezani anawapatsa ndi ana, poti mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Koma musafulumire kuwaseka. Munthu akakupatsa ana odzaza chipinda mpaka ena kukhala pawindo, buku limodzi lothothoka masamba, ndi dikishonale yomwe chiswe chinadya mpaka pakati, ungatani? Iwo anatola mawu onse ofunika m'bukumo n'kuwaluka nyimbo: liwu la Chingerezi patsogolo, tanthauzo pambuyo, kugunda desiki pakati. Ana anaikonda kwabasi. Ankaiimba posesa, polumpha chingwe, ngakhale popita kukalandira chilango.

Wotsogolera poimba nyimboyo anali mtsikana wa m'kalasi yomaliza, mwana wa atelala a pamsika. Anzake ankamutcha Belu chifukwa cha mawu ake. Ena akasochera pakati, iye ankawakoka mpaka kumapeto osapunthwa, ndipo a Bwerezani ankamunyadira ngati anabereka okha.

Chaka chimenecho sukulu ina ya sekondale yogonera komweko inatumiza uthenga kuti ibwera kudzasankha ana ochepa, ndipo mayeso ake akhala a Chingerezi cha pakamwa. Vuto linali kunyumba kwa Belu. Bambo ake maso anali atayamba kuchita chidima, ulusi pasingano ankawalowetsera ndi mwanayo, ndipo anali atanena kale kuti akangomaliza kalasi imeneyi makina achiwiri akumudikira.

A Bwerezani anapita kukawapempha. Ine ndinawaperekeza poti buluku langa linali komweko, likudikira zipi.

"Bambo, mwanayu ali ndi mutu," anatero a Bwerezani. "Mutipatse mpata umodzi wokha."

Atelala sanasiye kupalasa makina. "Mutuwo ndikuudziwa, aphunzitsi, ndinabereka ndine. Chingerezi chakecho ndimachimva m'mawa ndi madzulo, mpaka nkhuku zanga zayamba kuyankha. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndikuona makina awa."

"Akamutenga, moyo wake usintha."

Atelala analuma ulusi, n'kuwayang'ana ndi maso awo ofiira. "Chabwino. Akamutenga apite, yunifolomu ndidzasoka ndekha ndi maso omwewa. Akamusiya, chonde musadzabwerenso kudzandiuza za sukulu."

Kuyambira tsiku limenelo nyimbo inakula. A Bwerezani anawonjezera ndime zatsopano, mawu akuluakulu oti ngakhale ine lilime linkandikana. Masamu anga anafera pomwepo, ana anga ankagwedeza mitu motsatira madesiki a kuseri.

Tsiku lina pakhonde ndinaimitsa mwana wina wa m'kalasi mwawo, ndinkangofuna kumuseka. Ndinamufunsa kuti "narrow" n'chiyani. Anayang'ana kumwamba, n'kuyamba kudzimenya pantchafu. "Brave, wolimba mtima, gentle, wofatsa, narrow... chopapatiza, aphunzitsi!"

Ndinakawauza a Bwerezani. "Achimwene, ana anuwa liwu lililonse amakalitenga kuchokera kuchiyambi. Nanga likakhala kumapeto?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Bola wafika! Inu a masamu mumafuna chilichonse chidule. Akafika kusekondale kuli mabuku, akazolowera."

Tsiku la mayeso ahedi anandiika pakhomo kuti ndiziitana ana mmodzimmodzi. Woyesa anali mayi wachikulire wa magalasi, wooneka wotopa koma wopanda nkhanza. Anatulutsa makhadi m'chikwama, lililonse lili ndi liwu limodzi. Nditawasuzumira mtima unakhala pansi, anali mawu omwe aja a m'nyimbo. Kenako mayiyo anawasakaniza ngati wa njuga, kuwadula pakati, n'kuwasakanizanso. Apo ndinadziwa kuti mawu aja sabweranso mwa ndondomeko ya nyimbo.

Amati mutu umodzi susenza denga, koma m'chipinda chija aliyense ankalowa yekha. Ana omwe dzulo lake ankagwedeza malata ankangoima ngati zitsa. Ena ankatuluka akulira, ena akuseka chifukwa cha manyazi.

Belu analowa atavala diresi lositidwa bwino, kolala yake yosokedwa kumene. Anapereka moni m'Chingerezi chomveka, mayi uja mpaka anakweza maso. Anamupatsa khadi.

"Reluctant," Belu anawerenga, mosaphonya ngakhale pang'ono.

Mayiyo anafunsa tanthauzo lake. Ine ndinkadziwa pomwe liwulo limakhala: m'ndime zatsopano zija, kumapeto kwenikweni. Zala za mwanayo zinayamba kugogoda tebulo, milomo ikuyenda. Woyesa anamuuza mofatsa kuti asiye kugogoda. Belu anabisa manja kumbuyo, nyimbo n'kuduka. Anayambiranso pachiyambi, tsopano akugunda ndi chidendene.

Mayiyo anayang'ana wotchi, ndipo pofuna kumuthandiza anamupatsa khadi lina. Kukoma mtima kumeneko n'kumene kunamupha, chifukwa Belu anasiya pomwe anafika n'kubwereranso kwa wolimba mtima ndi wofatsa. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala ija. Khadi lachitatu, chimodzimodzi. Ndinkafuna kukuwa kuti musiyeni mwanayu ayende ulendo wake, afika, koma ntchito yanga inali yotsegula chitseko.

"Thank you," anatero mayiyo, n'kulemba kena kake kakafupi.

Belu anatuluka milomo ikuyendabe. Atangondidutsa anaima chilili. "Reluctant, wonyinyirika," ananong'ona. Anatembenuka kuti abwerere, maso ali gwa, koma mwana wina anali atakhala kale pampando. Anandiyang'ana ine ngati ndingachitepo kanthu. Ndinamva chisoni chomwe sindinamvepo chiyambireni ntchito imeneyi, ndipo ndinatseka chitseko.

Sukulu ija sinatenge mwana ndi mmodzi yemwe kwathu. A Bwerezani anasiya kudutsa njira ya kumsika, ankazungulira kuseri kwa chigayo ngakhale mvula ikugwa. Buluku langa ndinachita kutuma munthu.

Chaka chatsopano chitayamba, m'mawa wina ine ndi a Bwerezani tili mu ofesi ya aphunzitsi tinamva kugogoda. Anali Belu, tepi yoyezera ili m'khosi, tiulusi tili mbuu pachitenje. Anali ataperekeza mng'ono wake, kamtsikana kowonda kovala yunifolomu yaikulu.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji?" Mawu aja anali atachepa. "Mng'ono wangayu walowa kalasi yanu."

"Ndamuona, mwana wanga," anatero a Bwerezani. "Nanga kunyumba ali bwanji bambo?"

"Ali bwino, koma tsopano wosoka ndine, iwo amangodula." Anayang'ana pansi, akupotokola tepi ija. "Ndimati ndikupempheni. Musamuphunzitse nyimbo ija. Muphunzitseni mwina mulimonse, ngakhale adziwe mawu ochepa, koma akhale oti akamufunsa ayankhe."

Sanalankhule mwamwano, bwenzi zili bwino akanatero. A Bwerezani anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. "Ndamva, mwana wanga. Sindidzaiimbitsanso."

Ndipo anayesadi, ine ndi mboni, ndinkamva zonse kudzera pampata uja. Analowa m'kalasi opanda ndodo yomwe ankagundira desiki poimbitsa. Anauza ana kuti chaka chino kulibe kukuwa, aziphunzira liwu limodzi, kuliona, kuligwiritsa ntchito, aliyense payekha. Ana anayang'anana, osamvetsa. Choko chinalira pabolodi. Anasankha dala liwu lomwe silinali loyamba m'nyimbo, kuti pasakhale choyambira.

"Narrow," anawerenga. "Tayang'anani khomo ili. Tayang'anani mpata wa pakati pa madesiki anuwo. Ndani angandiuze..."

Desiki ina kumbuyo inalira gu! Ina inayankha. Ana amenewa anali asanakhalepo m'kalasi mwawo, koma anakulira m'nyumba momwe akulu awo ankaiimba posamba ndi potsuka mbale.

"Narrow, chopapatiza! Shallow, chosazama!"

"Chete!" anakuwa a Bwerezani. "Ndati chete!"

Ndani akanawamva? Chipinda chonse chinali chitanyamuka, malata akunjenjemera, ana akusangalala kuti aphunzitsi awapeza akudziwa kale. Ndinasiya choko n'kupita kukasuzumira pawindo lawo. Pamzere wakutsogolo kamtsikana ka yunifolomu yaikulu kaja kanali kataimirira, kakumenya desiki ndi manja onse awiri, mawu ake pamwamba pa onse, ndipo sikankaphonya ngakhale liwu limodzi.

A Bwerezani anali atakhala pampando, choko chili m'manja, akudikira kuti ana afike kumapeto.